Musanamuuze agent wa AI kuti alumikize ma variable mu Figma, konzani kaye mayina

Anzanga amene mukupanga ma app kuno ku Salima, makamaka inu amene mwayamba kulumikiza Figma (pulogalamu yojambulira maonekedwe a app) ndi zida za AI monga Cursor kapena Claude kudzera pa MCP (njira imene AI imalumikizirana ndi mapulogalamu ena), maganizo anga ndi awa. Ntchito yomangirira ma variable (mayina osunga mtundu, nambala kapena mawu ogwiritsidwa ntchito malo ambiri) ku mabatani, zolemba ndi makadi a pa sikirini agent, AI imene mumaituma ntchito, amaigwira mwachangu kwambiri. Koma imatuluka bwino pokhapokha dzina la variable likunena ntchito yake, osati maonekedwe ake. Fayilo ikakhala ndi mayina osokonekera, agent amangofalitsa chisokonezocho mofulumira kuposa munthu.

Figma inabweretsa ma variable mu 2023, a mitundu inayi: color, number, string ndi boolean. MCP inatuluka kumapeto kwa 2024, ndipo mu 2025 Figma inatulutsa seva yake ya MCP, momwe chida ngati get_variable_defs chimauza agent ma variable amene ali pa chinthu chimene mwasankha. Kulemba mu fayilo kumadalira malamulo a Plugin API, njira imene code imasinthira zinthu mu Figma, ndipo mavuto ambiri ali pamenepo.

Tiyerekeze app yoonetsa mitengo ya usipa ndi chambo ku Senga Bay. Batani la “Tumizani” ndi lobiriwira, muvi woonetsa kuti mtengo wakwera ndi wobiriwira, uthenga woti ndalama zalowa nawonso wobiriwira, onse hex imodzi (nambala yoimira mtundu). Mukangomuuza agent kuti “lumikiza mitundu yonse”, iye amayang'ana nambala ya hex, napeza variable yofanana nayo, nkumangirira zonse zitatu ku green/600. Pa sikirini palibe chasintha, ndiye mumaganiza kuti ntchito yatheka. Tsiku limene mwini app adzati batani likhale labuluu, muvi wa mtengo ndi uthenga wa ndalama zidzasanduka zabuluu limodzi nalo. Njira yopewera izi ndi magawo awiri: collection (gulu la ma variable) ya mitundu yeniyeni monga green/600, ndi ina ya mayina a ntchito monga button/primary/bg, price/up, status/success, iliyonse ikuloza ku mtundu woyamba ngati alias. Kenako mumulembera agent momveka kuti amangirire ku gawo lachiwirili basi, ndipo akakayika afunse, asasankhe yekha.

Ambiri amadalira scope, malire onena malo amene variable ingagwiritsidwe ntchito, kuti iwateteze. Scope imangobisa variable pa mndandanda umene munthu amaona akamasankha ndi dzanja. Plugin API siiletsa kanthu, moti agent akhoza kutenga variable ya radius (kupindika kwa ngodya) nkuiika pa padding (mpata wa m'mphepete mkati mwa chinthu) chifukwa zonse ndi 8, ndipo Figma sidandaula.

Tsono za mkati. Manambala monga itemSpacing, paddingLeft, width ndi opacity amamangiriridwa ndi setBoundVariable. Mtundu suyenda choncho. Pamafunika setBoundVariableForPaint, imene imabweza paint yatsopano osakhudza yakale, ndiye agent ayenera kuibwezeranso mu fills. Akaiwala sitepe imeneyi, palibe uthenga wa vuto umene umabwera, iye amakuuzani kuti wamaliza, koma chinthucho chidakali ndi hex yake yakale. Ngodya za khadi ndi zinayi, topLeftRadius ndi zinzake zitatu, ndipo muzionetsetsa kuti zonse zamangiriridwa. Padding ndi mpata wa pakati sizigwira pa frame imene ilibe auto layout, njira imene Figma imayalira yokha zinthu za mkati. Zolemba zimafuna kuti font ilowetsedwe kaye ndi loadFontAsync. Ndipo ma variable akakhala mu library ya fayilo ina, ayenera kubweretsedwa ndi key yake. Agent akalephera kuwapeza amatha kupanga ena atsopano a dzina lomwelo mu fayilo yanu, nkukhala ndi awiri osadziwana.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kumangirira pa instance, kope ya component (chinthu chopangidwa kamodzi nkugwiritsidwa ntchito malo ambiri). Batani likakhala component ndipo laikidwa malo 60, agent wosalangizidwa amayenda malo onse 60 kuika override (kusintha kwa pa kope imodzi yokha) paliponse. Pambuyo pake mukasintha main component, malo amenewo samvera. Amangirire pa main component ndi ma variant ake, ma instance atengera okha.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zochuluka pa ka app kakang'ono. Ine ndikuona kuti kuno ndi kumene zikufunika kwambiri. Wogula nsomba ali pa mchenga dzuwa lili paliwombo, foni yake ndi yotsika mtengo, sikirini siwala mokwanira. Zolemba zotuwa pa malo oyera sazionanso. Muyezo wa WCAG, woonetsetsa kuti aliyense azitha kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, umafuna kusiyana kwa kuwala kwa 4.5:1 pakati pa zolemba wamba ndi malo amene zalembedwapo, ndipo padzuwa la kunyanja ndi bwino kupyola pamenepo. Ma variable akamangiriridwa bwino, mode ya padzuwa (maonekedwe ena a ma variable omwewo) ndi kusintha ndime imodzi yokha mu tebulo la ma variable. Chimodzimodzi chiyankhulo: string variable ikhoza kukhala ndi mode ya Chingerezi ndi ya Chichewa, mwinanso ya Chiyao poti kuno olankhula Chiyao ndi ambiri. “Send” ndi zilembo 4, “Tumizani” ndi 8. Batani la mulifupi wokhazikika lidzadula mawu, choncho likhale pa hug contents (kukula molingana ndi mawu ake), padding yake ikhale variable.

Poyesa ntchito ya agent musakhulupirire lipoti lake. Pangani mode yoyesera, muike mitundu yonse ikhale pinki wowala ndipo mipata yonse ichuluke kawiri, kenako sinthani tsamba lonse kupita ku mode imeneyo. Chilichonse chimene sichinasinthe sichinamangiriridwe, ndipo chimaonekera pompo. Mumuuzenso atulutse mndandanda wa zinthu zimene boundVariables yake ilibe kanthu, mufanizire ndi zimene maso anu aona.

Musanayambe sungani version mu history ya fayilo, ndipo mupatseni tsamba limodzi pa nthawi. Netiweki ikaduka kapena magetsi akathima ntchito ili pakati, kupeza pamene analekezera pa tsamba limodzi ndi kosavuta, koma pa masamba 20 mudzakhala mukutsegula layer iliyonse mpaka usiku, bandulo ikutha.