Chenjezo kwa Mabanja: Katundu Akafika Kudenga, Lekani Kuseka

Abale anga, tamverani. Pali nyumba zina zomwe mlendo salowamo, amangolandiridwa pakhonde. A m'banjamo onse amadziwa chifukwa chake, koma palibe amene amachitchula. M'katimo muli matumba a zovala za pa kaunjika zomwe sizinavalidwepo, mawailesi akufa, mapoto obooka, majumbo, nyuzipepala ndi makatoni osanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake mukamufunsa amati "zidzagwira ntchito tsiku lina." Inu ana ake mumangoseka n'kumati "amayi ndi mmene alili." Kusekako ndi kumene ndikudzudzula lero.

Musandimve molakwa. Kusunga botolo loti muikemo mafuta ophikira kapena matumba oti mudzathiremo chimanga ndi nzeru, ndipo tonse tinakula choncho. Poyesera pake ndi apa: kodi chipinda chikugwirabe ntchito yake? Ngati pabedi sipagonekanso, pakhomo mumadutsa cham'mbali, ndipo mwini wake amanjenjemera kapena kukwiya mukangokhudza chigubu chong'aluka, amenewo ndi matenda ounjika katundu ndi kulephera kutaya zinthu. Madokotala a za maganizo a ku America anawalemba ngati matenda apaokha m'buku lawo la DSM-5 mu 2013, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaikanso m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11. Kafukufuku wa m'mayiko olemera amasonyeza kuti anthu awiri kapena atatu mwa 100 aliwonse ali nalo vutoli. Nthawi zambiri limayamba munthu ali wachinyamata, n'kumakula pang'onopang'ono, ndipo limakonda kukulira pamene munthu waferedwa, banja latha kapena watsala yekha. Musathamangire kunena za ufiti kapena zizimba. Munthuyo akudwala, ndipo kutaya chinthu kumamupweteka mumtima zenizeni.

Muluwo ndi woopsa kuposa mmene mukuganizira. Magetsi akazima mumayatsa kandulo, kukazizira mumalowetsa mbaula. Mapepala, nsalu ndi mapulasitiki zimagwira moto msanga, utsi wa pulasitiki umakomola, ndipo zenera lothawira munalitseka kale ndi makatoni. Makoswe amaswana m'matumbamo, amatafuna mawaya a magetsi, amakodzera pa mbale ndi pa chakudya. Mphemvu ndi nsikidzi sizingathe chifukwa mankhwala opopera safika pansi pa mulu. Matayala ndi zitini za panja zimasunga madzi a mvula momwe udzudzu umaswana. Chimanga ndi mtedza wakale zikachita chuku zimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Nkhalamba ikapunthwa usiku n'kuthyoka m'chiuno, onyamula alowera pati?

Mu 1947 ku Harlem, mumzinda wa New York, apolisi anapeza Homer Collyer, yemwe anali wosaona, atafa ndi njala m'nyumba mwake. Mng'ono wake Langley, amene ankamudyetsa, anamupeza patapita masabata oposa awiri, m'nyumba yomweyo, ataphwanyidwa ndi mulu wa katundu wake yemwe. M'nyumbamo anatulutsamo katundu woposa matani 100. Anali anthu ophunzira, ochokera m'banja lopeza bwino.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana okulira m'nyumba zoterezi. Mwana alibe poika kope kuti alembe. Yunifolomu imamveka fungo la chinyezi, anzake amamuseka, iye n'kuphunzira kunama kuti anzakewo asabwere kwawo. Wachifuwa cha mphumu amabanika usiku uliwonse ndi fumbi ndi nkhungu. Ndalama ya ndiwo imathera pa "zotchipa" za pamsika zomwe zikangofika kunyumba sizitsegulidwanso. Mkazi kapena mwamuna amatopa, amasamukira pabalaza, kenako kwawo. Landilodi akaona amakuthamangitsani. Nonse mumangokhala chete poopa kuchititsa manyazi kholo, pamene akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano inu amene mumadikira kuti mwini wake apite kumaliro kapena agonekedwe m'chipatala, n'kubwera ndi ngolo, kukokolola zonse n'kuziotcha. Mumayesa mwathandiza? Mwachotsa katundu koma matenda mwawasiya, ndipo mwaonjezerapo mantha. Pakangopita miyezi yochepa chipinda chimadzazanso, ulendo uno chili ndi loko, ndipo inu simudzaloledwanso kulowamo. Pamoto pomwepo ena amaotcheramo chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala ndi zikalata za malo zomwe zinali pakati pa nyuzipepala.

Yambani ndi chitetezo, zokongoletsa nyumba zibwera pambuyo. Khalani pansi ndi mwini wake, anthu awiri okha amene amawakhulupirira, osati mudzi wonse. Mawu akuti "zinyalala" asatuluke pakamwa panu. Nenani kuti, "Amayi, tikuopa moto, tiyeni titsegule njira yokha." Njirayo ikhale yotakata pafupifupi mita imodzi kuchokera pabedi kukafika pakhomo ndi kuchimbudzi, ndipo chitseko chizitseguka chonse. Pozungulira mbaula kapena chitofu pasakhale kanthu kogwira moto kwa mita imodzi. Milu itsike isapitirire m'chiuno. Chakudya choola ndi mankhwala otha nthawi zituluke poyamba, ndipo mankhwalawo mukapereke kuchipatala, osataya pomwe ana amasewera.

Kusankhula kwenikweni kuzichitika kwa mphindi 20 kapena 30 patsiku, katoni imodzi basi, chifukwa chimene chimamutopetsa munthuyu ndi kupanga chiganizo pa chinthu chilichonse. Ikani madengu atatu: chosunga, chopatsa ena kapena kugulitsa, chotaya. Mwini wake ndiye agamule, inu muzingofunsa kuti, "Munachigwiritsa ntchito liti? Zoterezi muli nazo zingati?" Zimene zagamulidwa zichoke pakhomo tsiku lomwelo, apo ayi usiku zibwereranso m'nyumba. Valani magolovesi ndi chophimba kumphuno, tsegulani mazenera, ndipo wazani madzi osakaniza ndi klorini pa ndowe za makoswe musanasese. Mulu musaupise ndi dzanja, mungakumane ndi njoka kapena chinkhanira.

Tsekaninso polowera. Mukatulutsa katoni imodzi iye n'kubwera ndi awiri, mukungotaya mphamvu. Gwirizanani kuti chatsopano chikalowa, chakale chimodzi chituluke, ndipo inu achibale lekani kukasiya katundu wanu wakutha kwa agogo ngati kuti kwawo ndi kosungirako.

Chithandizo chomwe chimaoneka kuti chimathandiza ndi uphungu wa za maganizo wotchedwa CBT, womwe umatenga miyezi, ndipo ngati pali matenda a nkhawa kapena kukhumudwa nawonso athandizidwe. Ku Malawi kuno yambirani pachipatala cha boma chaching'ono cha kwanuko, mufunse namwino kapena dokotala wa za maganizo. Iwo angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Ndipo ngati nkhalamba yomwe inali yaukhondo moyo wake wonse yayamba mwadzidzidzi kutola ndi kubisa zinthu, ikuiwala maina ndi njira ya kwawo, musadikire, pitani nayo kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa kungakhale kuyamba kwa matenda oiwalaiwala a ukalamba.