Ku Mozambique amayi amasimba za nkhondo pa kamera, kuno timangowajambula akuvina

Mnzanga wa ku Chilomoni wandionetsa pa laputopu filimu ya ku Mozambique ya agogo aakazi amene anali asilikali a Frelimo. Akhala pakhomo pawo, akusimba okha za moyo wa kutchire, mosafulumira, popanda bambo wa tayi wowayankhulira. Ine nsanje yandigwira koopsa.

Anzathuwa anayamba kale. Atalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa bungwe la mafilimu, ndipo mafilimu afupiafupi a nkhani otchedwa Kuxa Kanema ankawaonetsa mpaka kumidzi. Gulu la asilikali aakazi, Destacamento Feminino, linayamba mu 1967, ndipo pa 7 April pachaka dziko lonse limakumbukira Josina Machel, mmodzi wa asilikali aakaziwo. Ife wailesi ya kanema tinaiona mu 1999. M'nthawi ya Kamuzu, kamera ikaloza mayi wa Chimalawi, ndiye kuti wavala nsalu ya chipani akuvinira Ngwazi pa Kamuzu Stadium. Lero chasintha ndi mtundu wa nsalu basi.

Musandiuze zoti kuno nkhondo sitinaione. Kafunseni amayi a ku Nsanje, Mwanza, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno. Pa Lizulu malire ndi msewu wa M1 womwewo, munthu ankangodumpha msewu, mwana kumsana, mtolo pamutu, wafika ku Malawi. Amene ankakanganirana nawo mzere wa pachitsime, kugawana nawo nkhuni ndi ufa, kuthandiza apakati ofika usiku, anali amayi athu. Ena amuna awo anapita kukalondera njanji ya ku Nacala, osabwerako. Ku Mankhokwe kokha, kumene kunali kampu ya othawa nkhondo ku Nsanje, kuli nkhani zokwana mafilimu khumi. Nanga ndani anawakhazika pamkeka n'kuwafunsa kuti, "Amayi, zinkakhala bwanji?"

Chilungamo chake, a ku Mozambique nawonso ali ndi pobisa. Amakonda kuonetsa ngwazi za Frelimo zitanyamula mfuti. Mayi amene anagwidwa ndi zigawenga n'kusenzetsedwa katundu, kapena kukwatiwa mokakamizidwa, samveka kwambiri. Ku Zimbabwe ndiye kunali kovutirapo: mu 1996 apolisi analanda filimu ya sewero yonena za asilikali aakazi isanamalizidwe n'komwe. Koma kulanda filimu ndiye kuti wina anaijambula. Kuno apolisi akanalanda chiyani?

Makamera tili nawo, onani paukwati ndi pachinkhoswe Loweruka lililonse, mpaka drone m'mwamba. Amayi aja akukalamba, ena tinaika kale. Koma lowani m'vidiyo sho ku Ndirande masana ano: ana adzaza pamabenchi, akuonera azungu akuomberana m'nkhalango ya ku Vietnam, DJ akuwamasulira m'Chichewa. Afunseni za Milange, pomwe pano pa Muloza, akuuzani kuti n'kogula njinga zamoto.