CHENJEZO: Kompyuta ikatsekedwa ndi ransomware, musathamangire kulipira

Abale a ku Mbare, Highfield, Epworth ndi Dzivarasekwa ku Harare ndi madera ozungulira, makamaka inu a mashopu otayipira ndi kusindikiza, alembi a mipingo ndi osunga mabuku a mabungwe a maliro, tamverani kuno.

Ransomware ndi vairasi imene imamanga mafayilo anu ndi kiyi amene ali ndi mbava zokha. Fayilo ya mayina a mamembala mumaipeza yamera mchira wa zilembo zachilendo, osatsegukanso. Zithunzi za ukwati, ma CV a makasitomala, chimodzimodzi. M'foda iliyonse muli kakalata kofuna ndalama. Mtundu wa STOP/Djvu umasiya kakalata ka _readme.txt, kamene kwa zaka zingapo kankafuna madola 980, kapena 490 munthu akalembera mbavazo pasanathe maola 72.

Nanga imalowa bwanji? Mumaitsegulira nokha. Mumatsitsa Office kapena Photoshop ya crack, yothyoledwa kuti igwire ntchito osalipira, kenako mumazimitsa Windows Defender, mlonda wa kompyuta ku mavairasi, ndi dzanja lanu chifukwa malangizo a crack atero. Kodi mlonda angachotsedwe pageti chifukwa mlendo wapempha? Ena mumalandira flashi ya kasitomala aliyense pa kompyuta yomweyo imene ili ndi maakaunti a bizinesi. Ena mukadali pa Windows 7 imene Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, ndipo update mumaikana ati imadya bandulo. Ransomware ya WannaCry itagwetsa makompyuta a zipatala za ku Britain mu May 2017, chigamba cha update chotseka bowo limene inalowera chinali chitatuluka kale mu March. Anthu sanachiike basi.

Zikakugwerani, choyamba zulani chingwe cha netiweki, zimitsani Wi-Fi, chotsani flashi ndi hard drive yakunja. Vairasiyi imatsata chilichonse cholumikizidwa, ngakhale foda ya Google Drive kapena OneDrive imene imadzikopera yokha. Mukaona mayina akusinthabe pamaso panu, zimitsani kompyuta yonse.

Musathamangire ku format, kupukuta disiki yonse. Apa ndi pamene ambiri amadzipha okha. Musafufute kakalata kaja, musafufute mafayilo omangidwawo, ndipo kusintha dzina la fayilo sikuimasula. Jambulani kakalatako ndi foni, koperani mafayilo omangidwa onse pa drive ina yopanda kanthu, muisunge. Pa kompyuta ina yabwinobwino, tumizani kakalatako ndi fayilo imodzi ku webusaiti ya ID Ransomware kapena ya No More Ransom, imene Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, ndi apolisi a ku Netherlands anayambitsa ndi anzawo mu 2016. Adzakuuzani mtundu wake ndiponso ngati chomasulira chaulere chilipo. Kwa Djvu, chida cha kampani ya Emsisoft chimathandiza ngati vairasi inamanga mafayilo ndi kiyi wa offline, amene imagwiritsa ntchito ikalephera kulumikizana ndi mbava pa intaneti. Ngati kiyi ndi wa online, wa kompyuta yanu yokha, palibe chomasula pakadali pano, koma sungani mafayilowo, poti makiyi ena amatuluka mbava zikagwidwa.

Musalipire. Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene mbavazi zimafuna, ikapita sibwerera, ndipo palibe chokakamiza mbava kukupatsani kiyi. Chenjeraninso ndi a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza kumasula mafayilo mukatumiza kangachepe. Imeneyo ndi mbava yachiwiri.

Djvu kawirikawiri imabwera ndi mnzake woba mapasiwedi osungidwa mu browser. Sinthani a imelo, a banki ndi a Facebook pa foni kapena kompyuta ina, osati pa yodwalayo. Kanenani kupolisi. Ngati mumasunga zambiri za anthu ena, monga manambala a zitupa, lamulo la Zimbabwe la Cyber and Data Protection Act la 2021 limafuna kuti mudziwitse POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, pasanathe maola 24.

Mukatero ndiye pukutani disiki yonse, ikani Windows yoyenera, imalize ma update onse musanabwezere fayilo n'imodzi yomwe. Ndipo backup, kope ya mafayilo anu pa drive ina, imene imagona yolumikizidwa ku kompyuta usana ndi usiku si backup, imamangidwa limodzi ndi zinazo. Koperani Lachisanu lililonse, zulani drive, muikiyire m'kabati.