Mu wilu ya agogo anu muli agogo a anthu ena

Ndimakonda kuwerenga zimene amapeza anthu ofufuza makolo awo amene anakhala ku America nthawi ya atsamunda a ku Britain, kuchokera pamene anakhazikitsa mudzi wa Jamestown ku Virginia mu 1607 kufikira mu 1776 pamene madera 13 a atsamundawo analengeza kuti ayamba kudzilamulira. Ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu chifukwa imafuna khama ndi kudekha. Koma pali khalidwe limodzi limene limandiwawa, ndipo lero ndati ndilinene. Munthu amatsegula wilu ya kholo lake, n'kutolamo dzina la mwana amene akumufunayo kuti mzere wake ulumikizike, basi n'kutseka. Mayina ena onse a papepalapo amawadumpha ngati sanawaone. Ine ndimaona kuti kutero n'kulakwira anthu amene ali moyo lero lino.

Timvetsetsane kaye chifukwa chimene mawilu ndi zikalata za malo zilili zofunika chonchi. Kalelo kunalibe ziphaso za kubadwa ngati zimene tikuzidziwa masiku ano. M'matauni a ku New England, chigawo cha kumpoto, alembi ankayesetsa kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, koma ku Virginia ntchitoyi inali m'manja mwa tchalitchi, ndipo mabuku ambiri a m'maparishi anatayika. Kalembera woyamba wa dziko la United States anachitika mu 1790, ndipo ankalemba dzina la mutu wa banja lokha, ena onse ankangowawerenga. Kulemba dzina la mfulu aliyense wa m'nyumba kunayamba mu 1850. Ndiye ukafuna kudziwa kuti uje anabereka uje cha m'ma 1730, ulowera kuti? Utsata chuma. Boma la atsamunda linkatha kuphonya kubadwa kwa mwana, koma munda silinkauphonya, chifukwa munda unali ndi msonkho wake. Ku Virginia mwini malo ankalipira ufumu wa ku England masheleni 2 pa maekala 100 alionse chaka ndi chaka, ndipo mndandanda wa olipira wa mu 1704 ukadalipo.

Wilu ya nthawi imeneyo imayamba ndi kutchula dzina la Mulungu. Mwiniwake amanena kuti thupi lafooka koma mutu ukugwira bwino, amapereka mzimu wake kwa Mlengi ndi thupi lake kunthaka, kenako amayamba kugawa. Apa ndiye pali phindu la wofufuza. Ana aakazi okwatiwa amatchulidwa ndi mayina a amuna awo, ndiye ukwati umene sunalembedwe kwina kulikonse umaonekera pomwepo. Adzukulu amatulukira. Mboni zosaina pamunsi kawirikawiri zimakhala achibale kapena oyandikana nawo, ena ongoika kachizindikiro chifukwa chosadziwa kulemba. Pamakhalanso masiku awiri, limene wiluyo inalembedwa ndi limene anaitsimikizira kukhoti, ndipo imfa ya munthuyo imagwera pakati pa masiku amenewa. Pambuyo pake khoti linkatuma amuna angapo a m'deralo kukawerenga katundu yense wa malemu: bedi, miphika, makasu, mfuti, ng'ombe, chilichonse ndi mtengo wake, nthawi zina m'mapaundi ndi masheleni, nthawi zina m'kulemera kwa fodya, poti ku Virginia ndi ku Maryland fodya ankagwira ntchito ngati ndalama.

Misampha iliponso, ndipo othamanga amagweramo. Wilu si kaundula wa ana onse. Mwana amene anapatsidwa kale gawo lake pokwatira akhoza osatchulidwa n'komwe. Amuna awiri a dzina limodzi m'dera limodzi ankawasiyanitsa powatcha Senior ndi Junior potengera msinkhu chabe, ngakhale asali bambo ndi mwana. Masiku nawonso amasocheretsa: chaka cha 1752 chisanafike, chaka chatsopano ku England ndi kumadera ake chinkayamba pa 25 March, choncho wilu yolembedwa mu December ndi kutsimikizidwa mu February wa chaka chomwecho si yolakwika ayi. M'chaka cha 1752 chomwecho anadumpha masiku 11, kuchoka pa 2 September kudzuka pa 14 September.

Zikalata za malo zimatseka mipata imene wilu yasiya. Anthu ambiri anafa osalemba wilu, koma munda wawo unapitabe kwa wina. Ku Virginia nthawi ya atsamunda, munthu akafa osalemba wilu malo ake onse ankapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Ndiye ukaona munda womwewo, wa malire omwewo, uli m'manja mwa munthu wina wa dzina lofanana popanda kalata yogulitsana, uyambe kufufuza ubale. Malire ankawafotokoza potchula mitengo, timitsinje ndi mayina a eni minda yoyandikana, ndipo mayina amenewo ndi a mabanja amene ankakwatirana. Mkazi wokwatiwa analibe mphamvu pa chuma m'maso mwa lamulo, koma mwamuna akafa anali ndi ufulu wodyerera gawo limodzi mwa magawo atatu a malo a mwamunayo moyo wake wonse. N'chifukwa chake mwamuna akamagulitsa munda, akhoti ankamutengera mkaziyo pambali n'kumufunsa ngati akuvomera mwa kufuna kwake. Amayi ambirimbiri a nthawi imeneyo timawadziwa dzina chifukwa cha kamzere kameneko kokha. Zikalata zambiri zinapsa, makamaka pamoto wa mu April 1865 ku Richmond, likulu la Virginia, kumene maboma ena ang'onoang'ono anatumiza mabuku awo poganiza kuti akasungika bwino nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Chimene chinapulumuka n'chamtengo wapatali.

Tsopano ndifike pamene pandiwawa.

Mu 1619 anthu a ku Africa opitirira 20 pang'ono anatsitsidwa m'sitima ku Point Comfort ku Virginia. Mu 1662 Virginia anaika lamulo lakuti mwana azitsata mayi ake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, kaya bambo ake ndi ndani. Mu 1705 lamulo linaika akapolo m'gulu limodzi ndi malo pa nkhani ya chuma chamasiye. Zotsatira zake uziona ndi maso ako ukatsegula mndandanda wa katundu wa malemu uja. Pamwamba pali mahatchi ndi ng'ombe, pamunsi pali mipando ndi mbale, ndipo pakati pomwepo pali mzimayi, dzina limodzi lokha, ndi mtengo wake m'mapaundi. Pamzere wotsatira pali mwana wake, nayenso ndi mtengo wake. Ukabwerera ku wilu upeza kuti mayiyo wapatsidwa kwa mwana wamkazi wa malemu wokwatiwa kudera lina, mwana wa mayiyo watsala ndi mwana wamwamuna wa malemu pamudzi. Mawilu ena amafika pogawiratu ndi ana amene mzimayiyo adzabereke m'tsogolo. Pepala limene wofufuza wina akulisangalalira kuti lalumikiza banja lake, ndi pepala lomwelo limene linang'amba banja la munthu wina.

Zidzukulu za mzimayi ameneyu zilipo, ndipo nazonso zikufufuza. Njira yawo ndi yopapatiza kwambiri. Kalembera woyamba kulemba mayina a anthu amene anali akapolo ndi wa mu 1870, ukapolo utatha mu 1865. Mu 1850 ndi mu 1860 akapolo ankawalemba pamndandanda wapadera pansi pa dzina la mwini wawo: zaka, mwamuna kapena mkazi, khungu, koma dzina ayi. Munthu wofuna kudutsa 1870 kubwerera m'mbuyo ayenera kudziwa banja limene linkasunga agogo ake, kenako n'kuwatsata m'mawilu, m'mindandanda ya katundu, m'makalata ogulitsana ndi a chikole cha ngongole a banja limenelo. Ndiye kuti kamzere kamene inu mwakadumpha mwina ndi malo okhawo padziko lapansi pamene dzina la agogo a munthu wina linalembedwa.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha George Washington, pulezidenti woyamba wa United States, amene ali mnyamata ankagwira ntchito yoyeza malo ku Virginia. Mu 1799, chaka chimene anamwalira, kumunda kwake ku Mount Vernon kunali akapolo 317, ndipo 123 mwa iwo ndiwo anali ake. Wilu yake inalamula kuti amenewa adzamasulidwe mkazi wake Martha akadzamwalira, ndipo kapolo mmodzi yekha, William Lee, ndiye anamasulidwa nthawi yomweyo. Ambiri mwa otsalawo anali a chuma chamasiye cha mwamuna woyamba wa Martha, wa banja la Custis, ndipo Washington analibe mphamvu yowamasula. Martha atamwalira mu 1802 anawagawa kwa adzukulu ake. Koma magulu awiriwa anali atakwatirana kwa zaka zambiri, choncho ena anamasuka n'kusiya akazi, amuna ndi ana awo mu ukapolo. Zimenezi tikuzidziwa chifukwa anthu anawerenga mapepala onse, osati tsamba lokometsera lokha. Za mabanja wamba, amene ankasunga akapolo awiri kapena asanu, palibe katswiri amene adzazilembe ngati mdzukulu amene watsegula wiluyo sazilemba.

Ena amati, "Ine sindinasungepo kapolo, mlandu wa agogo ukundikhudza bwanji?" Palibe amene akukuimbani mlandu wa zimene zinachitika musanabadwe. Chimene ndikunena n'chakuti pepalalo lili m'manja mwanu lero. Mwavutikira kulipeza, mwaphunzira kuwerenga zilembo zopotana za alembi akale, mukudziwa buku ndi tsamba. Munthu winayo sakudziwa n'komwe kuti ayambire m'boma liti. Kulemba mayinawo kungakutengereni mphindi zochepa. Kuwabisa pofuna kuteteza mbiri ya munthu amene anafa zaka 250 zapitazo kuli ngati kupeza mwana wosochera pakhomo panu, makolo ake akumuitana kunja, inu n'kungokhala duu.

Ndipo si akapolo okha amene amadumphidwa. Kuyambira mu 1618, ku Virginia munthu ankapatsidwa maekala 50 pa munthu aliyense amene wamulipirira ulendo wowoloka nyanja. Zikalata za malo amenewa zimatchula mayina a anthu obweretsedwawo. Ambiri anali amphawi a ku England ogwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri pobweza mtengo wa ulendo, ndipo ena anali a ku Africa. Malo ogawidwawo analinso ndi eni ake, monga anthu a Powhatan, amene zikalatazo zimalankhula ngati kunalibe. Zimandimvetsa chisoni kuona anthu akulimbana kuti mzere wawo ukafike kwa munthu wachifumu wa ku England, akukopera mizere ya makolo ya pa intaneti yopanda umboni ngakhale umodzi, pamene kholo lawo lenileni mwina ndi mnyamata wantchito amene dzina lake lili kumapeto kwa chikalata cha malo a bwana wake. Mnyamata ameneyo anawoloka nyanja, anapirira, anabereka. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Pempho langa kwa aliyense amene ali pa ntchito imeneyi, kaya mukufufuza pa webusaiti ya FamilySearch, ku laibulale ya Library of Virginia kapena m'mabuku a kukhoti, ndi ili. Mukapeza wilu, ikopereni yonse mmene ilili, osakonza kalembedwe ka mayina. Munthu aliyense wolembedwa ngati katundu mumulembe payekha: dzina, zaka ngati zatchulidwa, mayi ake ngati atchulidwa, anapatsidwa kwa yani, boma liti, chaka chiti, buku ndi tsamba. Muike poyera pamene ofufuza ena angapeze akalemba dzinalo. Ndipo musalekere pa wilu imodzi. Ngati mzimayi uja anapita ndi mwana wamkazi wa malemu, kafufuzeni wilu ndi mndandanda wa katundu wa mwamuna wa mwana wamkaziyo, poti mwa lamulo la nthawiyo chuma chotero kawirikawiri chinkalowa m'manja mwa mwamuna. Kumeneko mukhoza kukamupezanso patapita zaka 20, mtengo wake utatsika chifukwa cha ukalamba, ndipo pansi pa dzina lake pali mayina a ana amene anabadwa pambuyo pake.