Inu a magalimoto mu Mzuzu, lekani kutaya oyilo musanamuone

Ana anga, zimene ndinaona Loweruka lapitali pagalaja ina ku Luwinga zandikanika kuzisunga mumtima. Ine sipanala ndinaigwira zaka zambiri mpaka msana unakana, ndiye masiku ano ndimangopitako kukakhala pabenchi n'kumaonerera anyamata akugwira ntchito. Kunabwera Sienta, imodzi mwa izi zonyamula anthu kupita ku Nkhata Bay. Mwini wake akuti amuchitire sevisi mwachangu chifukwa anzake akumulanda anthu pasiteji. Mnyamata wa pagalajapo anamasula bawuti ya pansi, oyilo n'kumutsanulira m'chigubu momwe munali kale oyilo wa magalimoto ena. Fyuluta yakale anaiponya kuseri kwa shedi. Nthawi yonseyo mwini galimoto maso ali pafoni.

Ndinakatola fyuluta ija, ndinaitsegula, pepala la m'kati n'kulitambasula padzuwa. Linali waliwali, tinyenyeswa tofiirira tili mbwee m'makwinya onse. Nditamuonetsa mwini galimotoyo anangoti, "Madala, ikuyendabe bwinobwino, tidzaziona kutsogolo." Analiza galimoto, ulendo wokanyamula ana a eni.

Mwana wanga iwe, ndi nonse amene mumachita ngati iyeyu, tamverani chimene chinali papepala lija. M'kati mwa injini crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachizunguza, imazungulira pa mabeyaring'i, tizitsulo timene imatsamirapo, ndipo mukamayenda pamsewu imazungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 pa mphindi imodzi. Zitsulo ziwirizo sizimayenera kukhudzana. Chimazilekanitsa ndi kaoyilo kochepa kwambiri, kosafika ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Beyaring'i imakhala ndi chitsulo cholimba kumsana, ndipo m'mainjini ambiri pamwamba pake pali mkuwa, kenako kachikuto kofewa kotuwa. Mukaona zofiirira mu oyilo, dziwani kuti kachikutoko kanatha kale, tsopano crankshaft ikupala mkuwa. Zimene zapalidwazo sizikhala malo amodzi. Pampu imazitenga n'kuzimwaza injini yonse, zikafika pa camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, zimakanda, zikafika pa beyaring'i ina zimakandanso, ndipo chilichonse chakandidwa chimatulutsa nyenyeswa zakezake. Ndi chifukwa chake injini ikayamba kudzidya sichedwa.

Kuona zimenezi sikulira ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha basi. Oyilo atulutsidwe injini ikadali yofunda, agwere m'beseni loyera lopanda oyilo wina. Tulukani nalo panja, lipendeketseni pang'onopang'ono dzuwa likuwomba. Oyilo wakuda chabe asakuopseni, makamaka wa dizilo amada msanga. Choopsa ndi kunyezimira, ndi timchenga timene mumatimva mukafikisa oyiloyo pakati pa zala. Kenako tengani maginito, ngakhale a m'sipika yakufa ya wailesi, muwayendetse pansi pa beseni. Zimene zamatirira ndi chitsulo chenicheni, ndiye ganizirani crankshaft, camshaft, maring'i a pa mapisitoni, makoma a silinda kapena tcheni cha timing. Zoyera zimene zakana maginito ndi aluminiyamu, kawirikawiri wochokera ku mapisitoni kapena ku mabeyaring'i a mtundu umenewo. Zofiirira ndanena kale. Fyuluta muitsegule ndi sizasi yodulira malata, osati sowo, chifukwa sowo imagwetsera utuchi wake m'katimo n'kukusokonezani.

Ndisakunamizeni kuti kachitsulo kalikonse ndi maliro. Injini imene yangochitidwa ovaholo imatulutsa tochepa pa oyilo woyamba, zitsulo zatsopano zikamazolowerana, n'chifukwa chake oyilo ameneyo timamuchotsa msanga. Kaphala kakuda kosalala pang'ono pa bawuti ya maginito nakonso n'kachizolowezi. Koma zooneka ndi maso, zomveka m'zala, pa injini imene yayenda zaka, zimenezo ayi.

Tsopano ndikufunseni, ndani amaziika nyenyeswazo mu injini? Ndinu nomwe. Kapepala ka sevisi kalembedwa kuti mubwerenso pakatha makilomita 5,000, inu mumadutsa kawiri muyezo umenewo mukungothirira pamwamba, ati bola dipisitiki ikuonetsa. Oyilo wotopa ndi wotopa ngakhale adzaze mpaka pakamwa. Ena mumagula oyilo wa m'mabotolo a madzi akumwa, wopanda dzina, wopanda chidindo, osadziwa ngati si yemwe uja anatuluka m'galimoto ya mnzanu dzulo. Ena mumasintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale kuti mupulumutse kangachepe. Kodi mukudziwa kuti m'fyuluta muli kavalavu kamene kamatseguka pepala likatsekeka? Anakaikamo kuti injini isaume, koma kakatseguka oyilo amadutsa osasefedwa, ndi zinyalala zake zonse, inu muli pa chiwongolero osadziwa kanthu.

Nanga fumbi? M'chilimwe misewu ya m'makwalala a ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo mukuidziwa. Fumbi limenelo ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa mu silinda limapala maring'i ngati sandipepa. Koma ndaonapo ndi maso anga anthu akumenyetsa air cleaner, sefa ya mpweya wolowa mu injini, patayala mpaka kung'ambika, n'kuibwezeramo. Ena kuichotseratu, ati galimoto ipume bwino. Pakapita miyezi mukudabwa utsi wabuluu kumbuyo ndi oyilo amene akungotha wosadontha pansi.

Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi simukufuna wokuuzani. Galimoto yagona panja usiku wonse, oyilo yense watsikira mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini, ndipo walimba. Inu mukangoliza, phazi pa moto mpaka mudzi wonse udzuke, ati itenthe msanga. Pa timasekondi timeneto oyilo asanakwere, zitsulo zimakhulana zouma. Lizani, dikirani pang'ono, nyamukani mofatsa. Kenanso katundu. Sienta inapangidwira anthu 7. Inu mumalongamo khumi ndi kuposa, kumbuyo matumba a usipa ndi mikoko ya nthochi, n'kumakwera mapiri ochokera ku Nkhata Bay injini ikubuula. Kulemera konseko kumathera pa kaoyilo kochepa kaja.

Koma chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi ichi. Injini ikayamba kugogoda, ko ko ko pansi, makamaka m'mawa kapena mukaponda moto, m'malo moimika galimoto mumathamangira oyilo wolimba wa 20W-50 kuti phokoso lizime. Ena mumakweza wailesi. Mainjini ang'onoang'ono a ku Japan awa, monga 1NZ ya mu Sienta ndi Probox, anapangidwira oyilo wopepuka, 5W-30 kapena 0W-20, ndipo ali ndi tinjira topapatiza topita ku VVT-i, kachipangizo kosintha nthawi imene mavalavu amatsegukira. Phala lolimbalo limabisa kulira kwa masiku ochepa, chitsulo chimene chapalika sichimera. Ndiye pali ena, ndipo mukudzidziwa, amene mukatero mumaitsuka galimotoyo, kuijambula, kuiika pa Facebook kuti ili bwinobwino. Amagula ndi mphunzitsi kapena namwino amene watenga ngongole ya zaka, pakatha mwezi injini yanoka. Kumeneko ndi kuba, ana anga. Ngakhale mupereke chakhumi pa ndalama imeneyo, ndi yakuba.

Nanunso amakaniko achinyamata ndikudzudzuleni, pakuti ntchitoyi ndi yanga ndipo ndimaikonda. Munthu wakupatsani galimoto yake, inu ndinu maso ake. Kumasula bawuti ndi kuthira oyilo watsopano angathe ndi mwana wa sukulu. Umakaniko ndi kuona chimene chatuluka n'kumuuza mwini wake zoona, akwiye asakwiye. Mukaona oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, muuzeni kuti madzi akulowa, mwina gasiketi yapsa, ndipo oyilo wamadzi sateteza beyaring'i. Mukaona sampu yaphwanyidwa ndi mwala, muuzeni, chifukwa ikabenthukira m'kati imatha kupanikiza kasefa koyamwira oyilo. Musamaope kutaya kasitomala wa lero.

Za getsi lofiira la kabotolo ka oyilo pa dashibodi ndinene mwachidule. Silitanthauza kuti mukathire mukafika. Limayaka mphamvu ya oyilo itagwa kale pansi penipeni. Patukani pomwepo, zimitsani. Ndinakwerapo minibasi ina imene getsilo analimata ndi tepi yakuda kuti lisamasokoneze dalaivala, ndipo ndinatsika ndisanafike kumene ndimapita.

Mukazipeza nyenyeswazo, galimoto isayendenso, ngakhale kuchoka ku Katoto kufika m'tauni. Sampu itsitsidwe, kasefa kaonedwe, mabeyaring'i atsegulidwe, crankshaft iyezedwe. Mukafulumira, nthawi zambiri nkhani imathera pa mabeyaring'i, gasiketi, oyilo ndi fyuluta. Mukachedwa, crankshaft ikufuna kukapalitsa. Mukachedwanso, con rod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft, imathyoka n'kuboola buloko, thupi lenileni la injini, apo ndiye mukusaka injini ina yathunthu yodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, galimoto ili pamiyala, ana akufuna fizi. Ndipo pokonza, tinjira tonse ta oyilo titsukidwe bwino. Kuika mabeyaring'i atsopano mu injini imene mwatsala zitsulo ndi kuwaphera tsiku lomwelo.

Ndalama ndi zanu, mukhoza kunena kuti madala zisakukhudzeni. Koma m'galimotomo simukhala nokha. Injini siisankha pofera. Ikhoza kuuma pakati pa Chikangawa usiku, nkhungu ili tolo, muli ndi mayi wa khanda kumbuyo, malole akubwera osakuonani. Ikhoza kuzima mukutsetsereka ku Chiweta, ndipo injini ikazima mabuleki amakuthandizani kawiri kapena katatu kokha, kenako chopondera chimalimba ngati mwala. Amene mwawanyamulawo analipira kuti akafike, sakudziwa zimene munaona n'kuzinyalanyaza.

Iwe mwana wanga wa Sienta ija, ngati uthengawu wakupeza, kapena wina amene akukudziwa wakuwerengera, sindinakutchule dzina ndipo sindikutchula. Pepala la fyuluta yako ndinalikulunga m'pulasitiki, lili pashelefu pagalaja pomwe paja. Usanyamulenso anthu. Ipeze galimoto yoti ikukokere, ubwere nayo m'mawa, ine ndidzakhala pabenchi langa, titsitse sampu tione limodzi.