Ine ndine womvera, si fani wa munthu

Dzulo m'minibasi yochokera ku Limbe, muulutsi wina atayamba pulogalamu ndi "okondedwa omvera", mnyamata amene anakhala pafupi nane anaseka. Akuti mawu amenewo ndi a agogo, masiku ano timati "mafani". Sindinamuyankhe poti maso anga anali pa kondakitala amene anali ndi chenji changa, koma nkhaniyi ndagona nayo.

Taganizani za mawuwa. Kumva timamva zambiri: phokoso, njala, kuzizira, ngakhale fungo la usipa wa kwa aneba. Zimenezo zimangokupeza. Kumvera ndi kwina, umachita kutchera khutu mwadala. Koma kumvera komweku ndi kumene mayi amanena akamadandaula kuti "mwana uyu samvera". Ndiye muulutsi akatitcha omvera, amatitcha otchera khutu, komanso, kaya akudziwa kaya ayi, anthu ochita zimene auzidwa.

Amene anakula nthawi ya Kamuzu akudziwa kuti matanthauzo awiriwa ankayendera limodzi. Kumvera inali imodzi mwa ngodya zinayi, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Kuyambira 1964 wailesi inali MBC basi, kanema wathu anadzabwera mu 1999. Munthu akati "zanenedwa pa wailesi", mkangano unkathera pomwepo. Kwathu mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti madzulo tisaphonye mauthenga achisoni, ndipo bambo akamamvera nkhani, ngakhale kutsokomola unkachita kupita panja. Umenewo unali umvera weniweni, wa mitundu yonse iwiri.

Kenako zinthu zinatembenuka. Radio 2 inatsegulidwa mu 1997, Capital FM mu 1999, Zodiak mu 2005 ndi mawu ake aja oti "Zikachitika mumvera kwa ife". Mafoni atafika m'midzi, omvera anayamba kuyankha. Lero mlimi wa ku Mchinji amaimba foni n'kutsutsa nduna ili mu situdiyo, mayunitsi n'kumuthera ali pakati pa mfundo. Amayi omvera pulogalamu ya Zokonda Amayi anafika posonkhana, kuvala yunifolomu, kuyenderana pa maliro ndi pa ukwati. Onsewa timawatchabe omvera, koma tanthauzo la kugonjera lija linafota lokha, latsala la khutu.

N'chifukwa chake "mafani" sindiwafuna pa wailesi. Kwa oimba mwina, pakuti amene walipira pakhomo n'kuvina mpaka mbandakucha si womvera chabe. Komabe mvetserani mmene oimba amawatchulira: "mafani anga", ngati akuwerenga mbuzi za m'khola. Fani amayenera kukonda chilichonse chimene watulutsa, ngakhale nyimbo itakhala yozizira. Womvera alibe mwini. Nyimbo ikamubowa amapotokola kabatani, n'kupita kwina, osatsanzika.

Komanso azakhali anga amene amamvera makwaya Lamulungu lililonse akusenda mtedza, muwatche mafani a ndani? Mayina a oimbawo sawadziwa n'komwe, koma mawu a nyimbo amawaloweza onse.

Mnyamata uja anatsikira pa Chichiri, mahedifoni ali m'makutu. Kondakitala anamuitana katatu konse kuti atenge chenji chake, sanamve.