M'chombomo muli anthu, mukukuwiza chiyani?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Tinali khamu m'mphepete mwa mtsinje wa Indian ku Titusville, ku Florida m'dziko la America, maso onse tsidya lina kumene roketi inali chilili ikufuka nthunzi yoyera. Anthu anayi anali atamangidwa kale malamba m'kati mwake. Kutatsala mphindi zochepa, uthenga unamveka pa mafoni a amene ankatsatira pa intaneti: ulendo waimitsidwa, mitambo sili bwino. Bambo wina pafupi nane anapinda mpando wake mwaukali n'kuumenyetsa pansi, akukuwa kuti anthu amenewa ndi amantha, amuwonongera tsiku, ndalama za hotela ndi za mafuta a galimoto zalowa m'madzi. Ena angapo anamuthandiza kukuwiza.

Bambo inu, kulikonse kumene muli, m'chombomo munali anthu. Anthu a magazi ngati inu, okhala ndi ana, okhala ndi makolo amene anali pomwepo mitima ili m'mwamba. Inu munataya tsiku. Iwo akanatha kutaya moyo. Zinthu ziwirizi mukuziika pa sikelo imodzi?

Uwu si mpira woti mwagula tikiti ndiye osewera alowe m'bwalo zivute zitani. Palibe amene ali ndi ngongole ya moto ndi utsi kwa inu. Roketi ndi thanki yaitali yodzaza mafuta ndi okosijeni wozizira koopsa, ndipo anthu amakhala pansonga pake penipeni. Ikadutsa m'mitambo yokhuthala imatha kudziitanira yokha mphezi ngakhale kumwamba kusanang'anime n'komwe. Zinachitikira chombo chopita ku mwezi cha Apollo 12 pa 14 Novembala 1969: mphezi inaimenya kawiri mphindi imodzi isanakwane chinyamukireni, magetsi ochenjeza n'kuyaka ponseponse m'chipinda cha oyendetsa. Anapulumuka, inde, koma malamulo okhudza nyengo anawakhwimitsa chifukwa cha zoterezi. Ndipo sayang'ana thambo lokhalo limene inu mukuliona. Amayang'ananso mafunde ndi mphepo pa nyanja ya Atlantic, chifukwa zinthu zikavuta m'njira, kachipinda ka anthu kamadzithothola pa roketi n'kukagwera m'madzimo. Mukufuna akagwere m'namondwe kuti tsiku lanu likome? Nanga zoti angodikira ola limodzi mitambo ichoke? Siteshoni ya mumlengalenga ya ISS imene akupitako ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ikuthamanga makilomita 28,000 pa ola. Nthawi yonyamukira imakhala imodzi, ya pa sekondi yake. Ikadutsa yadutsa, mubwere tsiku lina.

Ngati mwaiwala zimene kuumiriza kumabala, ndikukumbutseni. Pa 28 Januwale 1986 ku Florida komweko kunacha ndi chisanu choopsa, madzi ataundana pa nsanja yonyamukira. Ulendo wa chombo cha Challenger unali utalephereka kale kangapo, atolankhani akunyogodola, akuluakulu atatopa ndi kuchedwa. Usiku wa dzulo lake mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, anachonderera kuti asanyamuke, chifukwa mphira zotsekera polumikizira zigawo za roketi zimauma pakazizira ndipo sizitseka bwino. Allan McDonald anakana kusayina chikalata chovomereza ulendowo. Mabwana anawaposa mphamvu. Chombo chinanyamuka, ndipo patangotha masekondi 73 chinasweka m'mwamba anthu akuona. Anthu asanu ndi awiri anafa, mmodzi mwa iwo mphunzitsi Christa McAuliffe. Makolo ake anali pa mabenchi a oonerera, maso ali kumwamba. Ana asukulu ambirimbiri ankaonera pa TV m'makalasi mwawo. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma pamenepa anagonera pa mitembo isanu ndi iwiri. Tsiku limenelo palibe amene anawonongeredwa ulendo wake wodzaonerera, bambo. Roketi inanyamuka monga momwe inu mukufunira.

Ndiye munthu amene amanena kuti "ayi, lero sitinyamuka", pamene dziko lonse likuyang'ana, makamera atatchera kale, mabwana akudikira, inu mukumutcha wamantha? Pamalo ponsepo palibe wolimba mtima kuposa ameneyo. Kudina batani aliyense angathe. Kukana kudina ndiye ntchito.

Pa 27 Meyi 2020 Bob Behnken ndi Doug Hurley anakhala m'chombo cha Dragon maola ndithu, pulezidenti wa America atabwera kudzaonerera, dziko likudikira ulendo woyamba wa anthu wopita ku ISS kuchokera pa nthaka yawo chiyimireni ma shuttle, zombo zawo zakale zokhala ndi mapiko, mu 2011. Kutatsala mphindi pafupifupi 17 anauimitsa chifukwa cha nyengo. Amunawo anamasula malamba, anatsika, anakagona. Pa 30 Meyi ananyamuka bwinobwino ndipo mu Ogasiti anabwerera kwa akazi awo ndi ana awo. Masiku atatu okha. Ndani lero akulira chifukwa cha masiku atatu amenewo?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene tinabwererako tsiku limene thambo linayera tinaona chimene tinadzera. Kuwala kumayamba kokha popanda phokoso lililonse, kowala moti maso amatuluka misozi, chombo chikukwera mwaulesi ngati sichikufuna. Mumadikira mwina mphindi yathunthu, kenako mkokomo umawoloka madzi n'kukupezani. Suloweranso m'makutu okha, umagunda pachifuwa, malaya amanjenjemera pathupi, ma alamu a galimoto amalira okha. Mayi wina amene anaima kutsogolo kwanga anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo sanawachotse mpaka anamva kuti chombo chafika bwino m'njira yake yozungulira dziko. Ameneyo ankadziwa chimene akuona. Ankaona anthu anayi atakwera pa moto.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mtima wa bambo uja si wake yekha. Uli ponseponse, ndipo ukukula pomwe maulendo akunka natalika. Taonani momwe anthu anasekera nkhani ya Butch Wilmore ndi Suni Williams. Ananyamuka pa 5 Juni 2024 pa chombo cha Starliner kupita ku ISS, ulendo woti utenge sabata imodzi ndi masiku pang'ono. Timainjini towongolera chombo tinavuta, mpweya wa helium ukudontha. A NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, anasankha kubweza chombocho chopanda anthu, ndipo awiriwo anakhala ku ISS mpaka Malichi 2025. Pa intaneti panali chipongwe chokhachokha, ati manyazi, ati alephera. Ine ndikuti anachita bwino, bwino kwambiri. Anthu awiri ali moyo. Mu 2003 chidutswa cha thovu louma lokutira thanki ya mafuta chitamenya phiko la chombo cha Columbia ponyamuka, akuluakulu anati sichinthu chodetsa nkhawa, ndipo pa 1 Febuluwale chombocho chinaphwasukira pamwamba pa Texas ndi anthu enanso asanu ndi awiri. Mukanakonda zimenezo?

Tsono tikukamba zobwerera ku mwezi, kumene munthu sanapondeko chichokereni Apollo 17 mu Disembala 1972. Tikukamba za ku Mars. Ku ISS munthu akadwala amatha kufika pansi pano tsiku lomwelo. Ku mwezi ndi masiku atatu. Ku Mars ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, mpata wonyamukira umabwera kamodzi pa miyezi 26, ndipo uthenga wopempha thandizo umatha kutenga mphindi 20 kuti ungofika kuno. Kumeneko kulibe wokakutengani. Tangoganizani chikakamizo chimene chidzakhale pa munthu woyenera kunena kuti "ayi" akudziwa kuti akakana ndiye zaka ziwiri zapita, andale akufuna mbendera iimikidwe dziko lina lisanaimike yake, eni ndalama akuwerengera zotayika. Munthu ameneyo adzafunika khamu limene limaombera m'manja ulendo ukaimitsidwa. Ife tikumukonzera khamu lokuwiza. Ine ndikufuna anthu apite, ndikufunitsitsa, ndikufuna ndidzaone ndi maso anga munthu akuyenda pa Mars. Koma apite n'kubwerako.

Ndipo ena amene akuwononga maganizo a anthu ndi awa a timaulendo ta anthu olemera. Mphindi khumi kapena khumi ndi imodzi, akwera makilomita 100, ayandama pang'ono, ajambulitsa, atsika, mawa lake nkhani ili pa zovala zimene anavala. Liwiro lawo silipitirira makilomita 4,000 pa ola, pamene kuzungulira dziko kumafuna 28,000, koma ofalitsa nkhani amazisakaniza ngati n'chimodzimodzi. Munthu wamba akaona zimenezo amati kani kupita kumwamba n'kophweka chonchi, nanga enawa akuchedweranji? Ngakhale timaulendo timeneti si masewera. Mu Sepitembala 2022 roketi ya New Shepard inawonongeka ili m'mwamba, mwayi wake munalibe anthu. Pa 31 Okutobala 2014 chombo cha SpaceShipTwo chinasweka pochiyesa m'chipululu cha Mojave, ndipo woyendetsa wina, Michael Alsbury, anafera pomwepo. Otsatsa matikiti dzina limeneli simudzawamva akulitchula.